Kaketulo ka Bambo pa Phiri la Khondowe

Kwa zaka zitatu Bambo anga ankatchula amuna anga kuti "adalaivala". Osati mkamwini, osati dzina lawo, ayi, adalaivala basi. Chonsecho amuna angawo ntchito yawo ndi yoperekeza alendo kukaona malo ndi kuwafotokozera mbiri yake. Galimoto amangoyendetsa okha chifukwa alibe wowayendetsera. Bambo ankadziwa zimenezi bwinobwino, ankangofuna kuti zindilowe.

Chifukwa chake chinali chosabisika. Ife ndife Asilamu ochokera ku Machinga, ngakhale ineyo ndinabadwira ku Chiputula, konkuno ku Mzuzu. Amuna anga ndi Mtumbuka, ndiponso woimba kwaya kutchalitchi kwawo. Ukwati wathu Bambo sanauletse, koma sanabwereko, ndipo kunyumba kwathu ku Salisbury Lines anali asanapondeko phazi. Zinkandiwawa kwambiri, ndisaname. Koma mtima wangawu ndinatengera iwo omwe, choncho nanenso ndinalumbira kuti sindidzawapempha.

Tsiku lina Mayi anafika kwathu akupuma mwawefuwefu, asanakhale n'komwe anati, "Bambo ako akufuna kupita ku Karonga."

Ndinaseka mpaka kugwira khoma. Bambo amagulitsa nsalu mumsika waukulu, ndipo shopu yawo amatseka Lachisanu masana pokha popita ku mzikiti. Zaka zonse zimene akhala mu Mzuzu anali asanapitirirepo pa Ekwendeni. Ku Karonga akakatani?

Mayi anandikumbutsa nkhani imene ndinkaimva ndili mwana. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani, agogo awo aamuna a Bambo anatengedwa kumudzi kuti akakhale mtengatenga, wonyamula katundu wa asilikali. Anapita kumpoto ndipo sanabwerere. Kubanja kwathu zimene tinkadziwa ndi mawu awiri okha, akuti anathera ku Karonga. Chidwalireni m'nyengo yozizira, Bambo ankangoinena nkhaniyi, kuti sangafe asanakawerenge duwa, pemphero lathu la Chisilamu, pamanda a agogo awo.

"Ndiye akuti ufunse adalaivala aja ngati m'galimoto muli malo," anatero Mayi, akuyang'ana kumbali.

Amuna anga atamva, munthu wamkulu uja anavina pabalaza. Loweruka lomwelo anali kale ndi ulendo wa tsiku limodzi: kumanda a nkhondo ku Karonga, kenako kukwera phiri kukaona tchalitchi chakale cha mishoni ku Khondowe, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Galimoto anaitsuka kawiri. Mabuku awo a mbiri anawayala patebulo ngati mwana wa mayeso. Ine ndinkangowaseka, koma ndinkadziwa kuti tsiku limeneli likalakwika, lina silidzapezekanso.

Bambo tinawatenga ku Chiputula atangomaliza swala, pemphero la m'mawa, chifunga cha Mzuzu chili khathi. Anatuluka atavala mkanjo woyera ndi jekete pamwamba, kukhwapa atapanira kamkeka koswalirapo, m'manja atanyamula kaketulo kawo ka pulasitiki kobiriwira. Kaketulo kameneka ndi kamene amathirira madzi posamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali, ndipo kunyumba palibe amene amakakhudza mwachisawawa.

Amuna anga anatsika n'kugwada pang'ono. "Mwawuka uli, adada?"

"Tadzuka, adalaivala. Matayala ali ndi mpweya?"

Ndinaluma mlomo. M'galimoto munali kale amayi awiri, aphunzitsi ochokera ku Lilongwe amene anabwera kudzapuma, anthu a nthabwala zosatha. Iwo ndiwo anatipulumutsa. Tisanafike pa Ekwendeni anali atawafunsa kale Bambo mitundu ya zitenje, ndipo Bambo ukawayamba za nsalu sasiya.

Chifunga chinatisiya tikuyamba kutsika pa Chiweta. Msewu unakhota kamodzi, unakhotanso, kenako mwadzidzidzi nyanja ija mbee pansi pathu, yaikulu, yabuluu, mapiri atatsikira m'madzi momwemo. Aphunzitsi aja anakuwa. Nanenso ndinakuwa, ine amene ndinali nditadutsapo kale. Koma amene anatidabwitsa ndi Bambo.

"Imani! Adalaivala, imani kaye!"

Anatsika, mkanjo ukuuluka ndi mphepo, n'kuima m'mbali mwa msewu pakamwa pali yasa. "Kwathu nyanja timaiona titaima nayo limodzi," anatero. "Kuno tikuiyang'ana pamutu!" Anyani anali atakhala pamiyala akutiyang'ana, ndipo Bambo anawawerenga mokweza ndi chala, akuseka. Ndinali ndisanawaonepo akuseka choncho kunja kwa shopu. Ndinawatsina amuna anga pamkono, iwo n'kundinong'oneza kuti, "Zikuyenda, mama, zikuyenda."

Ku Karonga tinafika dzuwa litakwera, kutentha kwake kochita kukuvula jekete popanda kukupempha. Manda a nkhondo ndi malo aang'ono osesedwa bwino, miyala yoimikidwa m'mizere. Apa amuna anga analowa m'munda mwawo. Analoza kumene Ajeremani anachokera, kumene Angerezi anabisala, mmene mfuti zinalirira m'mawa wa tsikulo. Manja ankachita kuuluka. Aphunzitsi ankajambula ndi mafoni, akufunsa mafunso, ndipo ine ndinkanyadira mwamuna wanga mpaka kutupa.

Bambo sankamvetsera. Ankayenda mwala ndi mwala, atawerama, akuwerenga pang'onopang'ono ndi chala. Atafika pamwala womaliza anawongoka.

"Awa onse ndi azungu. Nanga agogo anga ali pati?"

Ndinawayang'ana amuna anga, mumtima ndikuti, nenani chilichonse, lozani mtengo uliwonse, munene kuti ndi pamenepo, nkhalamba isangalale. Ndikuvomera, ndinafuna kuti aname.

Iwo anavula chipewa. "Adada, pepani chomene. Ndafufuza, ndafunsa akuluakulu akuno, koma dzina lawo sindinalipeze palipose. Amtengatenga ambiri sanalembedwe. Anagona m'dothi la kuno, koma kuti ndikulozereni malo enieni, ndikhala ndikukunamizani."

Bambo anatembenuka. Kenako anatuluka pachipata, n'kukaima pansi pa mtengo wina kunja kwa mpanda. Anatenga kaketulo kaja n'kuyamba kuthira madzi pansi pang'onopang'ono, monga timachitira pamanda a munthu wathu, mpaka dontho lomaliza. Anatambasula manja n'kuwerenga duwa. Dothi louma lija linamwa madzi onse nthawi yomweyo. Ine ndinalira, ndipo mmodzi wa aphunzitsi aja anandigwira paphewa.

Tinakwera galimoto n'kuyamba kubwerera. Ndinawakwiyira amuna anga koopsa. Kabodza kamodzi kokha kakanawapha? Ndinkaona ulendo wonse utapita m'madzi, ndi zaka zina zitatu za "adalaivala" zikundidikira.

Koma msewu wokwera ku Khondowe sulola munthu kukhala ndi mkwiyo wake mwamtendere. Kuchokera pa Chitimba umakwera phiri mokhotakhota, miyala yokhayokha, mbali ina khoma, mbali ina phompho loti ukasuzumira mutu umazungulira. Pa kona iliyonse aphunzitsi ankakuwa "Mayo ine!" kenako n'kuseka. Wina anayamba kuwerenga makona, tonse tinalowerera, mpaka tinasokonezana. Bambo anagwira mpando wakutsogolo ndi manja onse awiri. Pakona ina yothina, galimoto itabwerera m'mbuyo pang'ono kuti ikhote bwino, ndinawamva akuti, "Pang'onopang'ono, mwachita bwino, pang'onopang'ono." Tikamakwera, nyanja inkatsikira pansi, mphepo n'kumazizira. Pofika pamwamba tonse tinawomba m'manja, ndi Bambo omwe.

Tchalitchi chija ndi chachikulu, cha njerwa zofiira, chokhala ndi nsanja yaitali. Apa m'pamene ndinkaopa kwambiri. Ndinali nditakonza kale mawu oti, "Baba, inu mukhoza kutidikira pamthunzi apa." Ndisanatsegule pakamwa, ndinangoona Bambo afika pakhomo, awerama, avula nsapato zawo n'kuziika bwinobwino pambali, monga amachitira pa mzikiti.

Aphunzitsi aja, Akhristu obadwa nacho, anayang'anana. Poona munthu wamkulu wavula, anaganiza kuti ndi lamulo la pamalopo, nawonso anavula. Ine ndinavula. Anatsala amuna anga, amene alowa m'tchalitchi chimenechi kosawerengeka nsapato zili kuphazi.

"Adada, kuno sitivula, mukhoza kulowa nazo."

"Si nyumba yopemphereramo iyi?" anafunsa Bambo.

"Ndi yopemphereramo."

"Ndiye ine fumbi la ku Karonga ndilowe nalo?"

Amuna anga anayang'ana nsapato zawo. Anawerama n'kuvula nawonso, chala chachikulu chili pamtunda chifukwa sokosi inali yobooka. Aphunzitsi anafa nako kuseka, ine manyazi anandigwira poti wosoka sokosiyo ndine. Tinalowa motsogozana, opanda nsapato, simenti ikuzizira kumapazi. Kuwala kochokera pazenera la magalasi amitundumitundu kunagwera pa mkanjo woyera wa Bambo, n'kuupaka zofiira ndi zabuluu. Iwo anayang'ana denga, anagogoda benchi ndi chala kuti amve mtengo wake, n'kunena kuti amene anamanga ankadziwa ntchito. Amuna anga anafotokoza mbiri ya malowo motsitsa mawu, ndipo ulendo uno Bambo ankamvetsera.

Titatuluka, Bambo anayang'ana dzuwa. Nthawi ya swala ya masana inali itakwana. Anatenga kaketulo kawo n'kukagwedeza. Munalibe kanthu, madzi onse anali atatsala pansi pa mtengo uja ku Karonga. Ndinatambasula dzanja kuti ndikawatungire, koma amuna anga anali atafika kale.

"Ndipatseni, adada. Mpopi ndikuudziwa."

Kaketulo kameneka ngakhale Mayi amakakhudza pokhapokha atauzidwa. Bambo anakayang'ana, anawayang'ana iwo, kenako anapereka. Amuna anga anathamanga ndi masokosi okhaokha pamiyala, akudumphadumpha, nsapato ataziiwala pakhomo la tchalitchi.

Atabwerako anatitsogolera chakumapeto kwa phiri, pamalo a udzu pamene dziko lonse limaoneka: nyanja pansi penipeni, mapiri a kutsidya ali buluu, midzi ili timadontho. Bambo anakhala pamwala n'kupinda manja a mkanjo. Kawirikawiri amadzithirira okha. Koma anangotambasula manja awiri kutsogolo, osayang'ana munthu.

"Thirani."

Amuna anga anagwada n'kuyamba kuthira. Anafulumira, moti madzi oyamba anapita pa mkanjo. "Pang'onopang'ono, si galimoto ukutsuka," anatero Bambo. Ndinamva bwinobwino, anati "ukutsuka", monga amalankhulira kwa ine ndi kwa alongo anga. Anathira m'manja, kumaso, mpaka kumapazi, Bambo akuwauza pothira ndi posiya.

Kenako Bambo anayala kamkeka kawo n'kuyamba kuzungulira, akufuna mbali yoyang'ana poswali. Ku Mzuzu amaidziwa ali chitsinzire, koma makona aja anali atawasokoneza mutu.

"Ndi uku, adada," anatero amuna anga, akuloza kumpoto motsata nyanja. "Yang'anani kumene tachokera, ku Karonga, ndiye mupendekere pang'ono kumanja."

"Wadziwa bwanji iwe?"

"Ndinafunsa anzanu amumsika Lachinayi. Ndinadziwa kuti nthawi idzatikwanira tili kuno."

Bambo anayang'ana kumpoto kuja nthawi yaitali, kumene agogo awo anagona popanda mwala. Kenako anakonza kamkeka n'kuyamba kuswali. Ife tinakhala patali pang'ono, chete, ndi aphunzitsi omwe, mafoni ali m'zikwama.

Atamaliza kunabwera bambo wina wachikulire wosamalira tchalitchi, atanyamula nsapato za amuna anga. Anatipatsa moni m'Chitumbuka, kenako anatembenukira kwa Bambo. "Yewo, adada. Anthu ovula nsapato pakhomo pathu sindinawaonepo. Mwabwera ndi ndani kuno?"

Bambo anali akupinda kamkeka. Analoza ndi chibwano. "Ndabwera ndi mkamwini wangayu. Munthu wosanama, koma sokosi alibe."

Onse anaseka. Ine ndinalephera, ndinangophimba nkhope ndi mpango.

Tinafika mu Mzuzu dzuwa likupendeka. Amuna anga atayatsa nyali yokhotera ku Chiputula, Bambo anawagwira paphewa kuchokera kumbuyo.

"Ukupita kuti? Ine ndauma kukhosi. Kodi ku Salisbury Lines kwanuko tiyi kulibe?"