Tsiku Limene a Godwin Anagwira Khasu

Alamu anga a Godwin ndi mng'ono wawo wa amuna anga a Solomoni. Nditakwatiwa kuno ku Kasakula ndinawapeza ali ku sekondale, ndipo khalidwe lawo sindinachedwe kuliona. Akabwera kutchuthi sankalowa m'chigafa kukasoka fodya, ati manja amanunkha. Anzawo akamapalira, iwo ankaima pachulu n'kumalongosola mmene amalimira kumayiko akunja. Pakamwa pokha Mulungu anawapatsa mosaumira.

Atasankhidwa kukoleji ya zaulimi, apongozi anga analulutira mpaka mawu kusasa. Ine ndinangofunsa amuna anga kuti munthu woopa dothi akaphunzira zaulimi adzalima pati. Anandiyankha kuti ndisamalowerere za anthu ophunzira poti ine ndinalekezera sitandade seveni. Kukolejiko tinkangomva kuti a Godwin ndi wapampando wa izi, mlembi wa izo. Zithunzi zinkabwera pafoni, jekete, tayi, maikolofoni kukamwa. Chithunzi ali m'munda sindinachionepo.

Chaka chawo chomaliza, bungwe lina lolimbikitsa ulimi wa soya linawatenga kuti adzaphunzire ntchito kwathu konkuno. Anawauza poyera kuti akayenda bwino ndi alimi mpaka kukolola, adzawalemba ntchito ya ulangizi. Anawapatsa njinga yamoto ndi kalabu yathu ya amayi, imene wapampando wake ndi mayi Debora. Apongozi anga anayambiratu kudzitcha amake alangizi.

Kumunda wachitsanzo wa kalabuyo a Godwin ankafika dzuwa litakwera, chipewa cha njinga chili kumutu, osakhala pansi, osapereka moni. Amayi amsinkhu wa mayi awo owabereka ankawayankhula ali chiimire, dzanja m'thumba. Wina akafunsa funso, ankati mafunso pamapeto, koma mapetowo sankafika. Ine ndili ndi mwana wanga Thoko kumsana ndinkangoyang'ana pansi, anzanga akunditsina n'kumandifunsa ngati alamu angawo anameza mpini, poti msana sukupindika. Tinkapirira chifukwa mbewu tinkaifuna.

Mvula yoyamba itagwa, amuna awo a mayi Debora anamwalira. Anyamata anaika masamba pamsewu. Aliyense wa kuno, ngakhale mwana wa sitandade wani, amadziwa kuti pamasamba umatsika njinga, ndipo m'mudzi mukakhala maliro khasu silipita kumunda, limagwira kumanda kokha. Mwatsoka, tsiku loika malirolo ndi lomwe abwana a bungwelo, mayi Judith, ankabwera kuchokera ku Lilongwe kudzaona munda wathu. Amuna anga anawauza a Godwin m'mawa kuti aimbe foni alendowo adzabwere tsiku lina.

"Achimwene, pulogalamu ndi pulogalamu," anatero uku akupukuta nsapato. "Akufa sadya soya."

Tili pasiwa tikuimba, tinamva njinga. A Godwin anadutsa pamasamba paja osatsika, utsi n'kutikuta, ulendo wa kumunda. Nzeru yawo inali yoti abwana akafika akawapeze ali thukuta kamukamu, okha, aoneke olimbikira kuposa amayi aulesi a m'kalabu.

Chimene sanachiganizire n'chakuti mayi Judith nawonso anabadwira kumudzi. Galimoto yawo itafika pamasamba anaimitsa, anafunsa kuti maliro ndi a ndani, ndipo atamva kuti ndi amuna a wapampando wa kalabu, anatulutsa chitenje m'chikwama, anamanga, n'kudzakhala pamphasa pakati pathu.

Munda wachitsanzo uli m'mbali mwa njira ya kumanda. Pamene tinkaperekeza bokosi, tinawaona a Godwin pakati pa mizere, malaya oyera atapinda mikono, akukumba mapando. Munthu amene zaka zonsezi sindinamuonepo ndi khasu, anasankha kuligwira tsiku lomwe khasu siligwiridwa. Nyimbo inazilala. Mayi Debora, amene tinawagwirira uku ndi uku, anaima n'kuwayang'ana.

"Mwananga, ngati manja akuyabwa, dzenje linali kutsogoloku. Bwenzi utakathandiza anzako."

A Godwin anafuna kuyankha, koma maso awo anagwera pa mayi Judith ali m'gulu lathu, chitenje m'chiuno. Khasu linagwa lokha. Anathamangira kumsewu n'kuyamba kulongosola m'Chingerezi. Mayi Judith sanaime n'komwe. Anangoti, "Bambo, maliro akudutsa."

Ife a kalabu sitinakalipe, sitinakadandaule kwa wina aliyense. A Godwin ataitanitsa msonkhano wotsatira, kumunda kunapita iwo okha ndi njinga yawo. Ine tsiku limenelo ndinkachapa matewera a Thoko, ndipo sindinafulumire. Anaitanitsanso, chimodzimodzi. Amuna anga anandipempha kuti ndipiteko ine ndekha, mwina anzanga anganditsatire, poti ndi magazi awo. Ndinawafunsa ngati mng'ono wawoyo anapitako kwa mayi Debora kukapepesa maliro. Anali asanapiteko, ndiye nanenso kumundako sindinapite.

Soya asanachite maluwa, bungwe linatenga njinga ija n'kutitumizira mtsikana wina wa kalasi imodzi ndi a Godwin, dzina lake Wezzie. Akuti mayeso ankakhoza movutikira ndipo pagulu mawu amachita kunjenjemera, koma amafika m'mawa, amakhala pansi, ndipo chimene sakuchidziwa amati ndikafunsa. Ntchito analembedwa ndi iyeyo.

A Godwin anamaliza koleji ndithu, dipuloma yawo ili pakhoma kwa apongozi anga. Masiku ano amakhala pamsika wa ku Dzaleka, m'shopu ya mnzawo yotchajira mafoni, tayi ali m'khosi, kuuza aliyense wobwera kuti m'dziko muno ntchito n'zodziwana, komanso kuti amayi a ku Kasakula anawachitira nsanje. Atabwera pa Khirisimasi ndinawakumbutsa kuti kwa mayi Debora n'kuseri kwa nkhokwe yathuyi, munthu sutopa n'komwe. Anayang'ana wotchi yawo, nati aona pulogalamu.