Ng'oma ya Atate Pambaula

Aneba akuwaula mutu wa mbuzi, ndipo fungo la ubweya wopsa landikumbutsa ng'oma ya atate. Ankayenda wapansi kuchokera ku Kabulonga, kumene ankatchetcha kapinga wa anthu. Akafika kwathu ku Chilenje ankawamba ng'omayo pambaula kuti chikopa chikungike, amayi ovina chimtali akudikira panja.

"Ba tate, anthu azayenda!" ndinkatero.

"Ikali kumvela mphepo, mwana wanga."

Ndinkaimvera chisoni ng'omayo, mpaka pokagona ndinkaifunditsa juzi yanga.

Masiku ano ndikaweruka, miyendo italema, ndimatereka ketulo n'kukhala pambali ngati madzi sangawire okha, ana akundiitana. Chikopa sichichedwa kukungika. Atate ankangofuna kukhalako pansi pang'ono.