Maenje Amene Wyson Anakumba pa Lichenya

Wyson Namakhwa anali munthu wa pansi pa nthaka. Anzake akuthyola tiyi ku esiteti, iye ankakumba zitsime, ndipo kuyambira ku Chitakale mpaka ku Thuchila inali midzi yochepa imene sinamwepo madzi a khasu lake. Makolo ake anachoka kwa Apwitikizi iye ali kumsana, ndipo Chilomwe chinkamutuluka pokhapokha akapsa mtima. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, waumbombo ndi mawu. Pantchito anali ndi lamulo limodzi: chitsime chikakana madzi, chikwirire tsiku lomwelo, ubzalepo nthochi.

Mu 1952 kunabwera kampani ina ya ku Ulaya. Mzungu wake anasonkhanitsa anthu a m'munsi mwa phiri, kapitawo wake Robson akumasulira. Anati pamwamba pa phirilo, pa Lichenya, pali dothi lofiira lopangira mapoto owala ndi ndege, ndipo kampani ikalipeza lokwanira, kuno kudzakhala sukulu ya njerwa, chipatala ndi madzi a m'mipopi. Kuti anthu asakayike, anamanga kachipilala ka simenti pakati pa mudzi n'kuikapo mpopi. Amayi anaimba nthungululu mpaka kusasa mawu. Mpopiwo sunadonthepo ngakhale dontho limodzi, poti paipi yake inathera m'simenti momwemo, koma ndani akanafunsa pa tsiku la chisangalalo?

Ofunika anali okumba, ndipo dzina la Wyson linatchulidwa loyamba. Zaka ziwiri anakhala pamwamba pa phiri, m'kuzizira kolowa m'mafupa, akukumba maenje opapatiza, akuya ngati anthu anayi ataimirirana pamapewa. Dothi ankaliika m'timatumba ta manambala n'kutsika nalo. Atamaliza dzenje loyamba, Wyson anatenga fosholo kuti alikwirire.

"Iyayi, akulu, siyani," anatero Robson. "Bwana akuti adzabweranso kudzayeza."

"Ndiye likhale kukamwa chonchi?"

"Dzenjelo ndi la kampani, si lanu."

Mtima wa Wyson unakana. Anachita zimene wokumba aliyense amachita akaweruka chitsime chisanathe: anayala mitengo pamwamba, n'kufunditsa udzu ndi zibuma, kuopa kuti chinthu chingagweremo. Mzungu ataona anakondwa, namutcha munthu wanzeru, nalamula kuti maenje onse azivundikiridwa chomwecho. Apa ndi pamene panalakwika, ndipo analakwitsa ndi munthu wa mtima wabwino. Kumudzi chivundikiro chotere chimagona masiku awiri, mwini wake n'kubwera kudzachotsa. Palibe amene anachipangira zaka.

Mu 1954 kampani inamanga katundu. Robson anati kampaniyo ibweranso mvula ikatha. Mvula inatha, ina inabwera, inanso. Udzu unamera pa zivundikiro zija, moto unaupsereza, unaphukanso wobiriwira kuposa kale, ndipo pansi pake mitengo inkawola mwakachetechete. Wyson anapita ku boma kukanena za maenjewo. Kalaliki anamuuza kuti alembere kalata eni ake ku Ulaya. Anapita ku Chonde, kumene Robson anali atatsegula kagolosale. Robson anamupatsa mpando ndi tiyi, n'kumuuza kuti iyenso anangotumidwa.

Mwina akanaiwala, monga tonse timaiwalira zimene sitikuziona. Koma mu 1957 mwana wake mmodzi yekhayo, Esteri, anakwatiwa ndi Elson, wonyamula matabwa a mkungudza kuchokera kwa ocheka a pamwamba pa phiri. Amene sanaionepo ntchitoyo adziwe izi. Thabwa limakhala lalitali kuposa munthu kawiri kapena katatu, limakhala pa nkhata, ndipo khosi silipinda. Wonyamula sayang'ana pansi, amayang'ana kutsogolo basi, ndipo sayenda, amathamanga pang'onopang'ono kuti katundu asamukanikize. Njira ya onyamulawo inkadutsa m'mphepete mwa malo amene Wyson anakumba.

Kuyambira pamenepo chakudya chinaleka kumukomera. Tsiku lina anaitana mkamwini wakeyo kuseri kwa nkhokwe.

"Apongozi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Pa Lichenya musamachoke m'njira."

Elson anagwada mwaulemu, koma kankhope kake kankaseka. "Bambo, njira ikaterera timadzera pa udzu. Tonse timatero. Pathope ndi thabwa kumutu, munthu n'kuthyoka khosi."

"Pa udzupo pali maenje."

"Sitinawaonepo, bambo."

"N'chifukwa chake ndikukuuzani."

Elson anavomera ndi mutu, kuvomera kwa mwana wolemekeza akulu. Wyson anaona kuti mawu ake agwera pamwala.

Sabata yotsatira anasiya chitsime cha anthu chili pakati, anatenga khasu ndi nsungwi yaitali, n'kukwera phiri yekha. Ankayenda ngati wakhungu, akubaya pansi asanaponde. Nsungwi ikalowa popanda chokana, ankagwada, n'kung'amba udzu, fungo la mitengo yovunda n'kumupeza kumaso. Kukwirira kunali kwina: milu ya dothi ija mvula inaikokolola kalekale, choncho ankasenza miyala kuchokera kumtsinje, dzenje limodzi masiku asanu. Ankagona m'msasa wa ocheka matabwa. Kumudzi anayamba kunong'ona kuti mizimu ya m'phiri yamuzunguza mutu, ndipo kutchalitchi anamupempherera. Iye analibe nazo ntchito. Chimene chinkamudya chinali china: sankadziwa kuti maenje onse analipo angati. Pokumba sanawerenge, poti kuwerenga kunali kwa mzungu, ndipo pepala losonyeza malo ake linawoloka nyanja. Akakwirira limodzi, sankapuma. Ankangoyang'ana udzu wosalala umene watsala, wofanana ponseponse.

Anatha chaka akutero. Mu Juni wa 1958 chiperoni chinagwa masiku atatu osakata, chifunga chake choti munthu sungaone nsonga ya ndodo yako. Tsiku lachitatu masana Wyson ali chogwada pa ntchito yake pafupi ndi njira, anamva mapazi ndi kupuma kwa onyamula matabwa. Anadutsa mmodzimmodzi, matabwa akudontha madzi. Wotsiriza, Lyson, mnzake wa Elson, anaima osatembenuza khosi.

"Akulu, mkamwini wanu wadutsa kale? Anatitsogolera, anati adzera pa udzu."

Koma Elson anali asanadutse. Wyson anali pomwepo chiyambire m'mawa.

Anatola nsungwi yake n'kulowa m'chifunga, kulunjika kumtunda kumene anali asanafikeko. Anaitana kamodzi, kawiri, mawu ake akumira pafupi pomwepo. Kenaka phazi lake linagunda chinthu cholimba. Linali thabwa la mkungudza, latsopano, lonunkhira, litagona lokha pa udzu. Pakati pake, pansi, udzu unali utabooka, mitengo yakuda yothyoka itayang'ana m'kati.

Anagwada, nakankha thabwalo. Anaitana dzina la mwamuna wa mwana wake, osati mwaulemu wa apongozi, koma dzina lenilenilo, monga uitanira mwana wobala wekha. Anamvetsera nthawi yaitali. Ankangomva madzi akudontha.

Anavula jekete n'kuyamba kutsika. M'katimo munali mdima, koma mapazi ake ankapeza okha popondera m'khoma, limodzi pambuyo pa linzake, poti anasema ndi iye yemwe.