Telala Amene Anavula Lamba Kuti Anyamule Amuna Ake

Tsiku limene Mayi Malamba anagwetsa amuna awo m'bafa, choopsa kwambiri sichinali kugwako. Atawerama kuti awadzutse, msana wawo unangoti tswa, nawonso n'kugwera pomwepo.

Tangoganizani anthu awiri akuluakulu ali gone pa simenti yonyowa, mpope ukungotaya madzi, bambo akutuluka magazi pachipumi, mayi akulephera ngakhale kukwawa. Anakhala choncho pafupifupi ola lathunthu, mpaka bambo wa nyumba yoyandikana nayo anamva kukuwa n'kuthyola chitseko.

Amuna awowo anali dalaivala wa malole, chimunthu chodzaza khomo. Miyezi isanu m'mbuyomo sitiroko inawapha mbali ya kumanja, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi movutikira. Ana anayi onse anali atakula n'kubalalika. M'nyumba munatsala awiriwo ndi chikuku chokankhira wodwala.

Mayiwo anali telala wa zaka 47. Dzina la Malamba linabwera ndi ntchito yawo, chifukwa ankadziwika ndi kusokerera lamba wolimba m'kati mwa diresi. Mayi wa mimba yake akavala diresi lawo ankatuluka mushopu ali ndi chiuno cha mtsikana, bola asaseke kwambiri kapena kudya paukwatipo. Kasitomala aliyense ankamuuza mawu amodzimodzi, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa: mimba ya mayi ikadutsa zaka makumi anayi sikonzedwa, imangobisidwa. Iwonso ankachita zimene ankalalikira. Chibadwire mwana womaliza, zaka 19 zapitazo, lamba ankamuvula posamba ndi pogona basi.

M'mawa mwake kunafika alamu awo, mlongo wamkulu wa bambowo. Anayang'ana bala la pachipumi, n'kuyang'ana Mayi Malamba amene ankayenda chogwira khoma.

"Alamu, mchimwene wanga sadzafera m'bafa ine ndili moyo," anatero. "Ndikukawonjezera chipinda kwathu. Chikatha ndibwera ndi galimoto."

Kwawoko kunali ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo shopu siyenda. Bambo anagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja lamoyolo n'kunena kuti ayi. Koma munthu wa liwu limodzi amamumvera ndani? Chimene chinawaimitsa mutu Mayi Malamba n'chakuti ana awo omwe, pa foni, anati azakhali akunena zoona. Banja la zaka 26 linkatha popanda ndewu, popanda chibwenzi, chifukwa chongolephera kunyamula munthu kuchoka pabedi kufika pachikuku. Tsiku limenelo analira kwambiri.

Lachinayi anapita ndi bambo kuchipatala, kumafizo, kumene odwala amaphunzitsidwa kuyendetsanso ziwalo. Anapezako mayi watsopano, wamfupi, wochepa thupi, imvi zili mbuu. Mayi Malamba anayamba kuyang'anayang'ana amuna oti athandize kunyamula. Asanatsegule pakamwa, mayi wa imviyo anapinda mawondo, n'kukumbatira bambo m'chiuno, n'kuwatembenuzira pabedi uku akufunsa ngati agona bwino. Sanapume n'komwe mwamphamvu.

Mayi Malamba anangoti kukamwa yasa. Anafunsa kuti kodi mumadya chiyani inu.

Mayi wa mafizoyo anaona mmene Mayi Malamba ankayendera, n'kuwagwira m'chiuno, zala n'kugunda chinthu cholimba ngati katoni. Atamva kuti ndi lamba, ndiponso kuti wakhalapo zaka 19, anayamba wakhala pansi.

"Mayi, munalemba lamba ntchito, minofu yanu n'kupita kutchuthi," anatero. "Munthu sanyamula ndi manja. Amanyamula ndi miyendo ndi pamimba. Pamimba pakagona, msana umasenza wokha."

Mayi Malamba sanafune kugonja pamaso pa munthu wosadziwa ngakhale kusoka batani. Anatulutsa ulaliki wawo uja, kuti mimba ya mayi wobereka, pa msinkhu uno, sikonzedwa. Mayi wa mafizo anangokoka katani, n'kukweza malaya ake a yunifolomu pang'ono.

Panali mizere. Minofu yooneka bwinobwino, imene anyamata amati sikisi paki, pamimba pa munthu wa zaka 58, ndipo m'munsi mwake munali chipsera cha opaleshoni ya mwana wachitatu. Telala amene anayeza mimba za amayi kwa zaka makumi awiri anali asanaonepo zotere. Anafuna kukhudza kuti aone ngati sizojambula.

Koma mayiyo sanawanamize. Anati mizere siituluka kwa aliyense, zimatengera thupi la munthu, mafuta ake ndi mmene anaberekera, ndipo pa msinkhu wawo zimachedwa. Chimene akanalonjeza ndi mphamvu basi. Anawauza kuti msana ukangopola avule lamba, ndipo anawapatsa zochita tsiku lililonse.

Tsiku loyamba kupita kushopu opanda lamba anamva ngati akuyenda osavala. Makasitomala anaona msanga, paja amayi saphonya mimba ya mnzawo. Wina anafunsa monong'ona ngati kuli kanthu pa msinkhu umenewu. Wina anati telala wosavala zosoka zake ali ngati wophika wosalawa. Mayi Malamba anangoluma mapini n'kumayeza.

Zochita zoyambazo zinawakwiyitsa. Kugona chagada pamkeka, kupinda mawondo, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono uku akukokera mchombo m'kati. Anati ine ndikufuna kunyamula dalaivala wa lole, iwo akundiphunzitsa kupuma, ngati kuti zaka 47 zonsezi sindinkapuma. Koma anachita, m'mawa uliwonse asanatereke tiyi.

Patapita masabata angapo anauzidwa kugona chafufumimba, kutsamira zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili tayale m'mwamba ngati thabwa lositira. Wotchi analibe pafupi, ndiye anauza amuna awo kuti aziwerenga ali pabedipo.

Bambo anayamba: wani, thu, fili. Pa folo lilime linakana. Pa folo pomwepo Mayi Malamba anagwa chamimba. Anayang'anana, ndipo kwa nthawi yoyamba chidwalire bambo, m'chipindamo munamveka kuseka.

Kuyambira pamenepo ntchito inakhala ya awiri. Bambo akafika pa faifi, mayi ankayenera kufikanso pa faifi. Seveni ndiye anavuta mwezi wathunthu. Bambo ankakakamira pa "se, se, se" mayi akunjenjemera thupi lonse, thukuta likudonthera pamkeka, akukalipa kuti mukuchitira dala inu, ndikudziwa. Mwina ankachitiradi dala, chifukwa mbali yamoyo ya nkhope yawo inkamwetulira.

Anasinthanso zina. Tiyi wa masipuni anayi a shuga anatsika kufika pa imodzi. Zokazinga ndi zakumwa zotsekemera zimene ankadyera pa makina anazisiya, n'kumatenga mazira, nyemba ndi masamba kunyumba. Kushopu ankapita wapansi. Madzulo ankanyamula ndowa ziwiri za madzi n'kumazungulira nazo nyumba, aneba akusuzumira pa mawindo. Bambo wa nyumba yoyandikana uja ndiye ankabwerabe m'mawa ndi madzulo kudzathandiza kunyamula wodwala.

Telala amakhulupirira tepi kuposa m'bale wake. Loweruka lililonse ankadziyeza m'chiuno, ndipo kwa miyezi itatu tepi inkaima malo amodzimodzi. Anagwa mphwayi. Tsiku lina anatsegula kabati n'kutulutsa lamba uja. Koma asanavale, mvula inayamba kudontha padenga la shopu, pamwamba penipeni pa makina. Anathamanga, n'kunyamula makinawo ndi tebulo lake lachitsulo, n'kukawaika pakona. Atawatula m'pamene anakumbukira kuti makina amenewa ankasunthidwa ndi anthu awiri. Anaimirira n'kumadikira kuti msana uyambe kuwawa, koma sunawawe. Lamba anabwerera m'kabati.

Nanga chipinda cha alamu chija? Amisiri omanga nyumba ndi abale athu atelala, mawa lawo silifika msanga. Alamu ankaimba foni kuti maziko atha, kenako kuti zipupa zafika pawindo, kenako kuti mmisiri wasowa. Foni iliyonse inkawadula mtima Mayi Malamba, koma m'mawa mwake ankayala mkeka.

M'mwezi wa khumi ndi chimodzi kunabwera mantha ena. Akusamba, anakhosomola dzanja lili pamimba, n'kumva chinthu cholimba pansi pa khungu. Anapapasa mbali ina, chinaliponso. Anakumbukira kasitomala wawo amene anamwalira ndi chotupa cha m'mimba, n'kuganiza kuti ine ndikapita, bambo awa adzawasambitsa ndani. Masiku awiri sanauze munthu, ndipo chakudya sichinkalowa.

Tsiku lachitatu anapita kuchipatala. Dokotala anawapima, n'kuwaunika ndi makina, osapeza kanthu. Osakhutira, Mayi Malamba anakagogoda kwa mayi wa mafizo, misozi ili m'maso. Mayiyo anawagoneka pabedi, n'kuwauza kuti adzutse mutu pang'ono. Anapapasa, anayang'ana, kenako anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Mwachita bwino kukapimitsa," anatero akupukuta m'maso. "Koma chotupa chanji chofola pamzere, kumanja ziwiri, kumanzere ziwiri? Mayi, tchuthi chija chatha."

Mayi Malamba anali ndi galasi lalitali mushopu, loonerapo makasitomala, koma mimba yawo anali asanaiyang'anepo kwa zaka 19. Tsiku limenelo anakhoma chitseko n'kukweza bulauzi. Mizere inalipo, yosazama ngati ya mayi wa mafizo, koma yooneka. Khungu la m'munsi mwa mchombo linali lofewabe, zipsera za mimba zinayi zili pomwepo. Anakhala pampando wa makasitomala nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa, osakhulupirira kuti thupi limenelo ndi lawo.

Patatha miyezi khumi ndi inayi chigwere m'bafa muja, galimoto inaima pakhomo. Alamu anatsika ndi amuna awo, matiresi ali kale kumbuyo. Anati chipinda chatha, penti wauma, ndipo sakufuna zokangana. Awiriwo analowa kuchipinda n'kugwira wodwala m'khwapa, wina uku wina uku. Anakoka, anabuula, bambo n'kutsetserekera m'mphepete mwa bedi.

"Tapatukani kaye, alamu," anatero Mayi Malamba.

Anakankhira chikuku pafupi n'kumanga mabuleki. Anapinda mawondo, n'kutsekereza bondo lakufalo ndi mawondo awo, n'kukumbatira amuna awo m'chiuno. Bambo anagwira bulauzi kumsana ndi dzanja lamoyo n'kuwerenga momveka bwino: wani, thu, fili. Pa fili anali ataimirira. Mayi anawatembenuza n'kuwakhazika pachikuku mofatsa. Kenako anawakankhira kubafa, n'kuwasamutsira pampando wosambira, n'kuwabwezanso pachikuku, alendo akutsatira m'mbuyo.

Dzanja la bambo linali litakokera bulauzi m'mwamba, ndipo maso a alamu anatera pamimba paja. Anayandikira, n'kuloza, kenako n'kubaya ndi chala ngati akuyesa mkate.

"Alamu, mwaikamo chiyani umu? Ndi malamba anu aja?"

"Lamba ali m'kabati. Umu muli ine ndekha."

Alamu anabayanso kachiwiri, n'kutembenukira amuna awo, n'kukhala pabedi mosaitanidwa.

Apo m'pamene bambo anakweza dzanja. Munthu amene anaphunziranso kulankhula powerengera mkazi wake pamkeka anatulutsa mawu aatali kuposa onse chidwalire. Anatenga nthawi, ndipo palibe anawadula.

"Achemwali, zikomo. Chipindacho muzigonekamo alendo. Ine kwathu ndi kuno."

Alamu analira, ndipo sikunali kulira kwa mkwiyo. Paja nawonso ankangofuna kuti mlongo wawo asadzagwenso. Asananyamuke anapempha kuti awaonetse zogona pamkeka zija, n'kugwa chamimba bambo asanafike pa fili. Matiresi anabwerera mmene anabwerera.

Mayi Malamba akusokabe, ndipo wofuna lamba wa paukwati amamusokera. Koma mawu aja anasiya kuwanena. Kasitomala akadandaula kuti msinkhu wapita, amalavulira mapini m'dzanja n'kumuuza kuti agwire apa.

Inu amene mukuwerenga, mwina munauzidwa kuti pa zaka zanuzo thupi silimvanso, kapena ndinu amene mumadziuza. Sindikulonjezani mizere, mayi wa mafizo uja sanalonjezenso. Koma mayi amene anagona pa simenti yonyowa, osatha kudzutsa mwamuna wake, anayambira pa masekondi atatu. Kaonaneni ndi achipatala, yalani mkeka, pezani wokuwerengerani. Mukagwa pa folo lero, musataye mtima, mawa kuli faifi.