Chisoso cha M'munda mwa aMbewe

Ine pa Kamwendo amandidziwa, ndikayankhula sindifuna chimkuzamawu. Koma nkhani iyi ndimainena motsitsa.

Chaka chimene makuponi a feteleza anayamba, mphwanga anandibweretsera mankhwala opha udzu kuchokera ku Chipata. Zolemba za pabotolo zinandikanika, ndipo kukafunsa alangizi ndinaona ngati kudzitsitsa. Ndinabereka pampu kumsana, n'kufuulira aMbewe, amene ankapalira kutsidya kwa malire: "Achimwene, khasu ndi la anthu akale! Mudzafa chiweramire!"

Udzu unapsadi, chimanga n'kutsala. Koma anapsera limodzi maungu a akazi anga aNaphiri, khobwe, bonongwe, ngakhale chisoso chomera chokha chimene amafutsa chaka chilichonse. Atandifunsa, ndinakalipa kuti ndi matenda ochokera ku Zambia. Matendawo ndinali ine.

"Chabwino," anatero aNaphiri. "Matenda omwewo akupatseni ndiwo." M'mbale mwanga anayamba kuikamo mchere wokha.

Nkhuli inandigonjetsa. Tsiku lina m'mamawa ndinazembera m'munda mwa aMbewe, ine mwamuna waimvi, n'kumathyola chisoso ndikuponya m'chipewa. Ndili chiweramire, ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo.

"Mwadzuka bwanji aBanda? Lero msana walola?"

"Ndikukuzulirani udzu," ndinatero, mawu atachepa ngati a mwana. "Wachuluka muno."

"Zikomo kwambiri, achimwene. Ndi manja muchedwa. Khasu ili."

Ndinapalira mpaka dzuwa lili pamutu. Chisoso chija aMbewe anakapereka okha kwa aNaphiri, m'chipewa changa chomwecho.