Mawu a Trywell Ali pa Denga la Ambulansi

Trywell anatsitsimuka m'chipatala ali ndi kapaipi pakhosi. Anayesa kuitana mkazi wake Esnat, koma kunangotuluka mpweya.

Munthuyu pakhosi pake ndiye panali pamunda pake. Ankaitanira anthu minibasi pa Boma la Chadiza, ndipo akati "Chipata! Chipata!" ngakhale wogontha ankacheuka. Tsiku lina minibasi imene anakwera inagubuduzika, galasi n'kumucheka khosi. Magazi anatayika ambiri. Manja anazizira, thukuta lili kamukamu, mtima ukuthamanga, ludzu losaneneka. Anthu achifundo anabwera ndi madzi, koma nesi amene anali m'minibasimo anawaletsa. Anamugoneka, n'kupanikiza bala, n'kumufunditsa chitenje.

Nesiyo, mayi Juliana, anadzamuona m'chipatala muja. "Magazi akachepa, thupi limamana manja ndi miyendo kuti ubongo usafe," anatero. "Ndipo m'khosi muli njira ziwiri zogundizana, ya mpweya kutsogolo, ya chakudya kumbuyo. Munthu wokomoka mukam'mwetsa, madzi amalowa ya mpweya. Moyo mwaupeza, bambo, koma kholingo lavulala. Kukuwa kuja iwalani."

Trywell analira. Anzake a pasiteshoni ankamuseka kuti tambala wasanduka thadzi. Miyezi inapita akungokhala pakhonde, Esnat akudyetsa banja ndi zitumbuwa.

Tsiku lina Esnat anatopa nazo. "Bambo a ana, galasi lija linadula mawu. Manja ndi maso linakusiyirani."

Zinamuwawa, koma zinali zoona. Anayamba kutsuka magalimoto, madalaivala n'kumamuphunzitsa chiwongolero pang'onopang'ono. Mayeso a laisensi analephera, anabwereranso. Ku maphunziro a chithandizo choyamba sanavutike, poti zimene ankaphunzitsazo anali atazimva m'thupi mwake. Patapita zaka, anamulemba ntchito yoyendetsa ambulansi.

Lero akafika ku Zemba kapena ku Zingalume n'kupeza munthu wataya magazi, amayamba wamugwira manja kuti aone ngati azizira. Kenaka amanong'ona kuti, "Madzi ayi. Mugonekeni, mufunditseni." Anthu amakhala chete kuti amumve.

Akaliza sayirini polowa pa Boma, anzake aja amathawira m'mbali mwa msewu. Esnat amangoseka pa zitumbuwa zake, amvekere, "Awo akukuwawo ndi amuna anga."

Inu amene mwataya chimene munkadyera, yang'anani chimene chatsala, muchigwiritse ntchito. Osataya mtima.