Kumeza Kakhumi Popanda Zikomo

Tsiku loyamba ndinapatsa bambo wina wa chubu m'mphuno kapu yodzaza madzi. Ndinkaona ngati supuni imodzi n'kumana munthu wamkulu. Sisitala woyang'anira anandilanda kapuyo, ine manyazi bii.

Ntchitoyo, ya m'chipinda choyezera kummero pachipatala china ku Leicester, anandilozera mnzanga wa kutchalitchi. Ndinali nditawerenga mabuku awiri a mulaibulale, ndiye ndinkadziona theka la dokotala.

Kachubu kopyapyala kamalowa m'mphuno mpaka pakhomo la chifu. Wodwala amagona chagada, ine n'kumamuthira madzi m'kamwa ndi sirinji, mamililita asanu, maulendo khumi. Akameza adikire theka la mphindi, osamezanso, osalankhula. Kompyuta imajambula kafinyidwe ka minofu, ndipo dokotala amaonera pomwepo ngati m'mero wafooka, ukufinya mwachisawawa, kapena khomo lija silikutseguka.

Lachinayi lina anabwera mayi Tembo a ku Chipata. Chakudya chinkawaima pachifuwa, ataonda mpaka mphete yaukwati ankaivala kuchala chachikulu. Atandimva Chinyanja anamasuka, ndipo vuto linayambira pomwepo. Ndikawathira madzi ankati zikomo mwana wanga, n'kumezanso malovu. Zojambula zinayi zinaonongeka motero. Sisitala anandinong'oneza kuti mayiwa ayamba mseru, ndipo chubu chikatuluka adikira miyezi ingapo kuti ayezedwenso. Ndinayang'ana mikono yawo yoondayo, ndinaona kuti miyeziyo alibe.

Chibadwire sindinatsekepo munthu wamkulu pakamwa. Ndinati, "Mayi, musandithokozenso. Tsekani pakamwa mpaka ndikuuzeni."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, misozi ili lengelenge. Ndinkawerenga masekondi, kuopa kuti azula chubu. Anameza kakhumi ali duu. Dokotala anapeza kuti khomo lija silitseguka, matenda otchedwa akalezia, n'kuwalembera opareshoni. Mayiwo anatuluka osanditsanzika. Kuyambira pamenepo, munthu wa kwathu ndimamupepeseratu chubu chisanalowe, kuti m'kati muno ndikhala wamwano.

Patapita milungu ingapo, neba wanga ku Highfields, amene amaimba kwaya limodzi ndi mayi Tembo, anandiimitsa ndikutulutsa bini ya zinyalala.

"Achimwene, mayi Tembo auza mvano yonse kuti ndinu mwana wosaleredwa. Koma akuti ndikuuzeni, dzulo adya mpunga ndi nkhuku, wadutsa wonse."